A Mare Akabwera

Tsiku limenelo ndinaweruka mochedwa pa Nkando. Ine ntchito yanga ndi ya kabaza, ndipo womaliza kumunyamula anali mayi wina wa dengu la mapeyala amene anandikweza naye chitunda chonse akundiuza za matenda ake a shuga. Ndinafika kunyumba nditatopa zedi. Chifunga chinali chitatsika kale m'phiri, kamvula kakuwazawaza. Unali mwezi wa Malichi, nthawi ya mondokwa.

Ndimakhala kwa mchemwali wanga Esteri. Ukwati wanga unatha, nyumba yanga inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy, ndiye ndimagona pabalaza pake, njinga pambali panga. Kuchipinda amagona iye ndi mwana wake Janeti, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Madzulo amenewo tinadya mondokwa wootcha, Esteri n'kutseka chitseko, aliyense n'kukagona.

Cha m'ma teni ndinadzidzimuka. Kunja kunali phokoso la madzi.

Ife a kuphiri madzi timawadziwa kulira kwake. Mtsinje wa Likhubula ukadzaza umangokokoma osalekeza, usiku wonse. Koma awa ankapuma. Waaa, kenako zii. Waaa, kenako zii. Ankamveka kumunsi, m'chimanga cha Esteri, kumene kulibe ngakhale ngalande. Ndinakhala tsonga pamphasa. Phokoso limenelo ndinalimvapo malo amodzi okha pa moyo wanga, ndipo malowo ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole. Kenako linalowa fungo, la matope a mchere ndi nsomba. Ndinafunda kumutu mpaka kunacha.

M'mawa ndinamva Esteri akuitana, tsache lili m'manja.

"Achimwene, tabwerani muone. Ndani wamwaza mchere pabwalo?"

Kumapeto kwa bwalo kunali mzere woyera wokhotakhota, kuyambira pamtengo wa peyala mpaka kuchimbudzi. Pamzerewo panali tizinyalala, tiudzu ndi timitengo, titasonkhana ngati wina watikankhira pamodzi. Nkhuku zinkafika pomwepo n'kubwerera. Ndinati mwina ndi ana akusewera, n'kukwera njinga msangamsanga asanandione nkhope.

Apa ndiyambe ndakuuzani za Hudson, chifukwa popanda iye nkhaniyi ilibe mutu.

Hudson anali mwamuna wa Esteri, mkamwini wathu. Anagwira ulonda pa esiteti ya tiyi zaka khumi. Munthu wofatsa, wosayankha mwano, woti ukamuika pamalo umamupeza pomwepo. Ankanyadira kuti pa zaka zonsezo sanachokepo pageti mnzake womulandira asanafike, kaya kugwe mvula ya matalala. Ntchito itamuthera, minda yathu itakwiririka ndi miyala yochoka m'phiri, ine ndinamva kuti kunyanja ya mchere, kupitirira Kelimani, eni maboti amafuna anthu mvula ikamatha. Amene ndinamukoka ndine.

"Alamu, tiyeni," ndinatero. "Chilomwe ndimachidziwa, Chipwitikizi ndimachidziwa. Inu muzingonditsata."

Kudziwa kwake! Chilomwe changa ndi chimene ndinatola kwa malemu agogo, cha moni ndi chotukwanira mbuzi. Chipwitikizi changa ndi cha pa Muloza, chonenerera mtengo wa zitenje. Koma pakamwa ine ndinabadwa napo.

Tinafika kumudzi wa asodziwo usiku, sitinaone kanthu. Kutacha tinatuluka kuti tione nyanja imene tinkaimva kutchuka. Hudson anaseka. "Alamu, nyanja yake ili kuti?" Kunali mchenga wokhawokha mpaka polekezera maso, madzi akung'anima kutali uko. Mwini boti, a Hussein, anatipatsa madengu anayi n'kutitsogolera pamodzi ndi anthu awo. Tinayenda pafupifupi ola lathunthu pamchenga wonyowa. Panjira tinawoloka kamtsinje kena, madzi olekeza mu akakolo.

Tinafika pampanda wa mitengo wozikidwa mumchenga, wautali ngati khola la ng'ombe zana. Mkati mwake nsomba zinali zikuphiriphitha pamatope, nkhanu zikuthamanga, mbalame zikuzungulira pamwamba. Boti linali chapatsogolo, likudikira kupita pakati penipeni kukawedza nsomba zikuluzikulu. A Hussein anasankha ine kuti ndikwere boti, poti ndine womva chinenero. Hudson atsale pampanda. Ndiye anayamba kumulangiza, mofulumira, akusakaniza Chichuwabo, chinenero cha kumeneko, ndi Chipwitikizi, akuloza madengu, akuloza kunyanja, akuloza kumtunda. Ine pa mawu onsewo ndinatolapo atatu: nsomba, kubwera, ndi lina lakuti "mare." Analibwereza katatu, akugwedeza chala.

"Akuti chiyani, alamu?" Hudson anandifunsa.

Ndikanatha kufunsa. Ndikanatha kunena kuti bwana, bwerezani pang'onopang'ono. Koma amuna asanu anali akundiyang'ana, ndipo mlamu wanga anali akundiyang'ana ngati munthu wodziwa zonse. Ndinachita manyazi. Manyazi basi, palibenso china.

"Akuti mutole nsombazi, muzilondere mpaka a Mare abwere. Akabwera, inu muzipita kumtunda."

"A Mare ndiye ndani?"

"Kapitawo wawo. Muwaona akamabwera."

"Chabwino, alamu."

Mkamwini satsutsa mwini mbumba. Anapinda buluku n'kuyamba kutola. A Hussein anandifunsa ngati wamva, ine n'kugwedeza mutu mwamphamvu, n'kukwera boti.

Za pakati pa nyanja sindikumbuka zambiri. Mtunda unasowa, boti likukwera n'kutsika, ine ndikusanza mpaka ndulu. Chingwe cha mbedza chinandicheka zikhato. Tinakoka nsomba zotalika ngati mwana wa sitandade wani, anzanga akuimba, ine nditagona pansi pa boti. Dzuwa litapendeka tinatembenuka.

Pobwerera ndinaona mitengo ya kokonati ikuyandikira, koma mchenga uja osauona. Madzi anali atafika mpaka kutsinde kwa mitengo. Ndinafunsa ndi manja kuti mpanda uja uli kuti. A Hussein analoza pansi, kunsi kwa boti. Ndinaganiza kuti sanandimve. Ndinafunsanso kuti nanga bambo Mare aja anabwera? Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa dzanja m'nyanja, n'kutunga madzi, n'kuwasiya akuchucha pakati pa zala.

"Mare," anatero.

Amayi ine! Mare si munthu. Mare ndi madzi amene amachoka n'kubweranso, kawiri pa tsiku. Kwathu mtsinje ukapita wapita, ndani akanaganiza kuti pali madzi obwerera? Ndipo nthawi imeneyo ya Malichi, mwezi ukakhala wathunthu kumwamba, ndi pamene amabwera aakulu kuposa chaka chonse. Amayamba kudzaza kamtsinje kakumbuyo kaja, munthu uli chiyang'anire kutsogolo. Hudson sankatha kusambira. Safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi wina.

Madzi ataphwanso tinapita pampanda. Tinapeza madengu atatu atamangiriridwa pamwamba pa mtengo wautali kwambiri, pakamwa pake atatseka ndi malaya ake ong'ambang'amba, nsomba zili momwemo. Dengu lachinayi panalibe. Iye panalibe. Tinafufuza masiku atatu m'mitengo yomera m'matope ija, osapeza ngakhale nsapato. M'masiku amenewo ndi m'mene ndinaphunzira kuti Mare amachedwerako pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse.

Bodza ndinalikonza pa lole, pakati pa Mokuba ndi Milanje. Nditafika ndinamuuza Esteri kuti mwamuna wake anapeza mkazi wa kumeneko, ndipo anathawa naye ku Beira. Anakhulupirira, poti mlongo wake angamunamize bwanji? Sindinkaopa apolisi, sindinkaopa abale a Hudson. Ndinkaopa maso a Esteri. Chaka chathunthu ndinamuonerera akuwonda, akudzuka m'bandakucha kukathyola tiyi, ine ndili chete kudya zophika zake.

Tibwerere ku mzere uja.

Usiku wachiwiri phokoso linayamba cha m'ma leveni. Wachitatu, pakati pa usiku. Ndinayang'ana nthawi pafoni, n'kuwerengera ndi zala. Linkachedwerako ola limodzi. M'mawa uliwonse mzere unkapezeka utasendera, mapazi asanu, mapazi khumi, kulunjika kukhomo.

Usiku wachitatuwo ndinalimba mtima, n'kusuzumira pa mng'alu wa zenera. Mwezi unali utapitirira theka, chifunga chitachepa. Pansi pa mtengo wa peyala panaima munthu. Buluku lopinda mpaka m'mawondo, chifuwa chili pamtunda, dengu pamutu. Anaima chilili, miyendo pamodzi, monga amaimira mlonda pageti. Bwalo linali louma, ndinkaliona ndi maso angawa. Koma phokoso likati waaa, iye ankagwedezeka pang'ono ngati chinthu chamukankha m'miyendo.

"Alamu."

Ndinaluma dzanja kuti ndisakuwe.

"Alamu, a Mare aja sanabwere. Ndidikirebe?"

M'mawu mwake munalibe ukali ngakhale pang'ono. Ankafunsa mwaulemu, monga ankafunsira akafuna kubwereka khasu. Akanabwera ndi chikwanje bwenzi zili bwino. Ulemu umenewo ndi umene unandiopsa koposa.

Usiku wachinayi ndinathawa. Ndinanamiza Esteri kuti ndili ndi kasitomala wa m'bandakucha, n'kukagona pakhonde la golosale pa Nkando pamodzi ndi alonda. Kumeneko sindinamve kanthu. Ndinagona tulo tabwino, Mulungu andikhululukire. Ndinaganiza kuti chinthucho chimatsata ine, ndipo chikandisowa chibwerera. Koma nditafika m'mawa ndinapeza mzere utadutsa thandala la mbale. Nkhwani wa Esteri m'mbali mwa bwalo unali utapsa, masamba ali kwinyakwinya. Janeti anali akutsokomola, akuti madzi akumwa a m'ndowa akuwawa mchere.

"Wina akutilodza, achimwene," anatero Esteri. Sanandiyang'ane. "Inu mwati munagona kuti?"

Pamenepo ndinadziwa kuti sichikutsata ine. Chikubwera kunyumba, kaya ndilimo kaya mulibe ine. Ndipo m'nyumbamo mumagona mwana pansi.

Usiku wachisanu ndinakhala pazenera kudikira. Cha m'ma thuu anali ataima pafupi ndi thandala. Dengu sanalisenze pamutu tsopano, analinyamula m'mwamba ndi manja onse awiri, zigongono zitatambasuka. Thupi lonse linkapendama uku ndi uku.

"Alamu, madzi akuchuluka. Nsomba zawo ndamanga bwino, asadandaule. Koma a Mare achedwa bwanji?"

Ndinaika pakamwa pamng'alu n'kunong'ona. "Alamu, pitani. Mwaweruka. Pitani mukapume."

"Ayi, alamu. Munati ndidikire. Angadzapeze ndachoka, n'kuchititsa manyazi inu."

Ndinalira usiku umenewo, munthu wamkulu ndevu pepeya, nditaluma bulangete. Kutacha mzere unali patsinde pa khonde. Esteri anausesa. Usiku wachisanu ndi chimodzi sindinasuzumire n'komwe, ndinatseka makutu ndi zala, koma m'mawa mchere unali pa sitepe ya chitseko.

Tsiku lomalizalo ndinaganiza zambiri ndikupalasa njinga. Kupita kwa abusa? Akanandifunsa kuti mzimuwo ukufuna chiyani kwa ine. Kwa sing'anga? Chimodzimodzi. Njira zonse zinkathera pa chinthu chimodzi chimene sindinkafuna kunena. Ndinagula Fanta ya Janeti n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe. Mwezi unatuluka kuseri kwa phiri uli wathunthu, wofiirira.

Sindinagone. Teni inadutsa, thwelofu, thuu, kuli zii. Ngakhale agalu sanauwe. Itangokwana folo, phokoso linayamba, osati kumunsi m'chimanga, koma pakhonde penipeni. Waaa. Chitseko chinagwedezeka. Ndinamva kuzizira kumsana, n'kupapasa pansi. Mphasa yanga inali itanyowa. Madzi ankalowa pansi pa chitseko, n'kubwerera, n'kulowanso ochulukirapo. Ndinanyambita chala. Mchere.

Ndinakwawira pazenera. Anali pomwepo, pafupi moti ndikanamugwira. Anaima chonyang'ama ndi zala za kumapazi, chibwano chitakwezedwa kumwamba, khosi litatambasuka. Dengu linali likadali m'mwamba. Maso anali otsegula, oyang'ana mwezi. Akamayankhula mawu ankaduka, ngati pakamwa pakulowa madzi.

"Alamu."

Anaitananso.

"Alamu, a Mare afika."

Waaa. Madzi anandifika mu akakolo. Njinga inagwa. Sefuliya zinayamba kugundana pakona.

"Akuti ndiwalondolere pakhomo. Ndawauza kuti muli mwana, koma sakundimva chinenero. Inu mumachidziwa, alamu. Tayankhulani nawo."

Ndinaona madzi akukwawa kulowera kukatani ya kuchipinda. Ndinatembenuka kuti ndikatenge Janeti, ndipo ndinapeza Esteri ataima pamenepo, mwana ali mtulo paphewa pake, madzi akumuzungulira m'miyendo. Kuwala kwa mwezi kolowera pamng'alu kunamugwera pankhope. Sankaoneka wamantha.

"Achimwene, mawu a bambo a Janeti ndinawazindikira usiku womwe anayamba kuitana. Ndagona nawo zaka khumi ndi ziwiri, ndingawaiwale? Ndimadikira kuti munene nokha." Anamukweza mwana bwinobwino. "A Mare ndi ndani?"

Ndinagwada m'madzimo n'kunena zonse. Mchenga, mpanda, mawu atatu aja, manyazi anga, madengu omangidwa ndi malaya. Ndinamuuza kuti ku Beira kulibe mkazi, sikunakhalepo mkazi. Ndinamuuza kuti mwamuna wake anafa ataima pamene ndinamuimika ine, akulondera nsomba za eni. Ndinayembekezera kuti andimenya, kapena akuwa mudzi wonse udzuke. Sanatero. Anamugoneka Janeti patebulo, n'kumufunditsa chitenje, n'kupita kuchitseko.

"Esteri, usatsegule!"

Anandidutsa ngati mpando. Anakoka mpiringidzo. Ndinatsinzina, kudikira kuti nyanja yonse igwere m'nyumba. Sinagwere. Nditatsegula maso ndinamuona akutsika sitepe, pabwalo louma, koma akuyenda movutika, manja ali m'mwamba, akukankha ndi chifuwa chinthu chimene ine sindinkachiona. Chitseko chinatsekeka kumbuyo kwake.

Sindinamutsate. Nenani zimene mukufuna, sindinamutsate. Ndinakhala pafupi ndi tebulo nditagwira mwendo wa mwana. Kunja ndinkamva mawu a Esteri, apansipansi, nthawi yaitali. Zimene ankakambirana sindinazimve, kupatula mawu amodzi amene ankabwereza: "Pepani, bambo a Janeti. Pepani." Kenako ndinamva chinthu cholemera chikutulidwa pansi. Phokoso lija linayamba kutalikira, kutsika m'chimanga, mpaka linasowa. Madzi a m'nyumba anatuluka okha pansi pa chitseko n'kusiya matope.

Analowa kukuyera, atanyowa mpaka m'khwapa, milomo itachita bii. Pakhonde panalibe dengu, panalibe mapazi a munthu wina. Diresi lake litauma linachita mawanga oyera, louma gwa ngati chikopa.

Patapita sabata tinaika maliro. Thupi panalibe, ndiye akuluakulu anadula thunthu la nthochi, monga tinachitira ndi anthu amene anasowa ndi madzi a m'phiri. Anafunsa chovala cha malemu choti akulungire. Esteri anati palibe. Zonse anazitentha chaka chatha, ndi chithunzi cha ukwati chomwe, tsiku limene ndinamuuza za ku Beira. Anakulungira nsalu yogula pa Nkando.

Anthu amanong'ona, ndimawamva ndikamadutsa. Ena akuti pansi pa nyumba pathu panaphulika kasupe, koma sanena chifukwa chake pabwalopo sipameranso ngakhale bonongwe. Ambiri akuti Hopewell, ndiye ineyo, anakhwimira mlamu wake, anamupereka kwa mizimu ya m'nyanja kuti alemere. Alemere! Ine wa njinga yopanda mabuleki? Koma sinditsutsa. Munthu wokhwima anthu amamuopa. Nanga wopha mnzake chifukwa chochita manyazi kufunsa liwu limodzi, amutcha chiyani?

Tsiku la maliro Janeti tinamutumiza kwa azakhali ake ku Likhubula. Atabwerako, Esteri anandipeza ndikupopa tayala kuseri kwa nyumba. Kanali koyamba kundiyankhula chichitikireni zija.

"Mwanayu sakudziwa kanthu. Bodza munabweretsa ndinu, choona mukamuuzenso ndinu."

Anamuitana. Janeti anabwera akudumphadumpha, m'manja muli chitsononkho chimene anachiveka kansalu ngati mwana. Ndinakhala pansi kuti tifanane msinkhu. Esteri anaima pambali, manja atapinda pachifuwa. Pakamwa panga paja, pamene sipanasowepo chonena, panauma.

"Janeti, mwana wanga, ndikufuna ndikuuze za bambo ako, a Hudson."

Atangomva dzinalo, mwanayo anatembenuka n'kulavula pansi. Ptu! Anapukuta pakamwa ndi dzanja, n'kunena mofulumira ngati ndakatulo ya kusukulu kuti, "Ine ndilibe bambo, anatithawa ngati galu." Kenako anayang'ana amayi ake akumwetulira, kudikira kuti amuyamikire kuti wanena bwino monga anamuphunzitsira.

Esteri anakhala pansi padothi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Mwana anatiyang'ana tonse awiri, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono.

"Amalume, ndalakwitsa pati?"